Mafunso ndi mayankho pa filimu ya The Canary Murder Case: mawu a mkazi wophedwayo anali a ndani?

Filimuyi inatuluka ku America mu February 1929, pa nthawi imene makampani a mafilimu ankasiya zithunzi zopanda mawu n'kuyamba kujambula anthu akuyankhula. Amene amaionera koyamba masiku ano amabwera ndi mafunso omwewomwewo, ena a nkhani yake, ena a chipwirikiti chimene chinalipo poijambula. Funso loulula wakupha ndaliika kumapeto kwenikweni, kuti amene simunaonere muime musanafikeko.

Ndani anaipanga, ndipo muli ndani?

Inapangidwa ndi kampani ya Paramount, kuchokera m'buku la dzina lomweli limene linatuluka mu 1927. Pachikuto cha bukulo panalembedwa kuti wolemba ndi S. S. Van Dine, koma dzina lake lenileni anali Willard Huntington Wright, munthu amene poyamba ankalemba zounika mabuku ndi zojambulajambula. Woitsogolera anali Malcolm St. Clair, amene anaijambula yopanda mawu mu 1928. Mbali zoyankhula anadzazijambula pambuyo pake Frank Tuttle.

William Powell ndiye Philo Vance, wofufuza mlanduwo. Louise Brooks ndiye Canary, mkazi wophedwayo. Mulinso Eugene Pallette ngati wapolisi Heath, James Hall ngati Jimmy Spotswoode, ndi Jean Arthur, amene panthawiyo anali asanatchuke. Imatenga ola limodzi ndi mphindi pafupifupi 20.

Nkhani yake ikuyenda bwanji?

Margaret O'Dell ndi wovina m'nyumba ya zisudzo ku New York. Anthu amamutchula kuti Canary, dzina la kambalame kachikasu koimba bwino kamene azungu amaweta m'khola. Timamuona koyamba atavala nthenga, ali pa katungwe amene akuuluka pamwamba pa mitu ya anthu oonera, ndipo pansipo pali azibambo andalama amene aliyense akumuyang'ana ndi mtima wake wake. Ena mwa iwo amamuopa, chifukwa akudziwa zinsinsi zawo ndipo amawadyera ndalama powaopseza kuti aulula.

Tsopano Canary watopa ndi moyo wa pa siteji, akufuna kukwatiwa m'banja lolemekezeka. Wasankha Jimmy Spotswoode, mwana wa mwini banki, ngakhale mnyamatayo wabwerera kwa chibwenzi chake china, Alice. Chingwe chimene wamumanga nacho n'choti Jimmy anasololako ndalama ku banki ya bambo ake. Bambo akewo, a Charles Spotswoode, akupita kukamunyengerera ndi ndalama kuti asiye mwana wawo, iye akukana. Kenako akuimbira foni azibambo ena aja, Cleaver ndi Mannix, kuti aliyense abweretse mphatso yomaliza, ndipo zomwezo akuuza Dr. Lindquist. Ali mkati moimba mafoniwo, mwamuna wake wakale Tony Skeel, amene wathawa kundende, akumvetsera ndipo akufuna theka.

Usiku womwewo a Spotswoode akubweranso, akutuluka, ndipo ali pansi polandirira alendo akumva mkuwo wa mkazi kuchokera m'chipinda cha Canary. Akuthamangirako ndi mnyamata wachibwibwi wogwira ntchito panyumbapo, akugogoda, mawu a mkazi akuyankha mkatimo kuti palibe vuto. M'mawa mwake Canary akupezeka atafa, atakanyangidwa pakhosi. Pafupifupi aliyense amene tamutchulayu anaoneka akuzungulirazungulira pafupi ndi nyumbayo usiku umenewo.

Philo Vance ndi wapolisi?

Ayi. Ndi munthu wolemera, wophunzira kwambiri, wovala bwino, amene amafufuza milandu chifukwa choikonda basi. Amalowa m'zipinda za milandu chifukwa mkulu woimira boma pa milandu, Markham, ndi mnzake. Wapolisi weniweni ndi Heath, munthu wa mawu a besi amene amathamangira kumanga aliyense amene umboni woyamba wamuloza, ndipo nthawi zonse amalakwitsa.

Maganizo a Vance ndi oti chala, cholembera kapena ndudu yotsala pamalo a mlandu wina akhoza kuziika dala kuti asocheretse apolisi, koma khalidwe la munthu silinamizika. Mlandu uliwonse uli ndi kachitidwe kake, ngati mmene mmisiri amadziwikira ndi mpando umene wakhoma, ndipo ntchito ndi kupeza munthu wa mtima wofanana ndi kachitidweko. M'mabuku, Vance ndi wonyada motopetsa, amatha masamba akufotokoza za zoumba zakale pamene mtembo uli pansi. Powell anamuchotsa zambiri za matamazo n'kumusiya munthu waulemu, woyankhula mofatsa. Van Dine analemba mabuku 12 a Vance asanamwalire mu 1939.

Bwanji anthu ake akuima ngati zitsa, n'kumayankhula ngati akuwerenga kalata?

Apa m'pofunika kukumbukira chaka. Filimu ya The Jazz Singer, imene inatsegula khomo la mafilimu a mawu, inatuluka mu October 1927, ndipo mbali yake yaikulu inali yopanda mawu. Yoyamba yoyankhula kuyambira poyamba mpaka pomaliza, Lights of New York, inabwera mu 1928. Choncho amene ankajambula Canary anali ndi zida zimene anazidziwa dzulodzulo.

Kamera za nthawiyo zinkalira ngati makina osokera, ndipo maikolofoni inkatola phokosolo. Njira imene anapeza inali kutsekera kamera pamodzi ndi woijambulitsa m'kachipinda kotchinga phokoso, kokhala ndi windo lagalasi kutsogolo. Tizipinda timeneti ankatitchula mwanthabwala kuti bokosi la ayezi, chifukwa munkatentha ngati mu uvuni. Kamera yotsekeredwa motero siyenda, ndiye kuti kuuluka konse kumene mafilimu opanda mawu anali atakuphunzira kunatha. Maikolofoni nayo inali yosamva patali. Ankaibisa mu mphika wa maluwa, pafupi ndi foni ya patebulo kapena pamwamba pang'ono pa mitu, ndipo wosewera ankayenera kuima pomwepo, osasuntha, n'kutulutsa liwu lililonse palokhapalokha. Mukaona azibambo anayi aunjikana pa desiki la Markham osachoka, dziwani kuti pali chimene aunjikanira.

Mukayang'anitsitsa muona kuti filimuyi ndi nsalu ziwiri zolumikiza. Mbali ya katungwe ndi mithunzi ya anthu ozembera usiku ikuyenda, ili ndi moyo. Ikangofika mbali yofunsa mafunso mu ofesi, zonse zikuuma gwa. Chinanso chimene chimadabwitsa makutu a lero ndi bata: nthawi yaitali palibe nyimbo yapansipansi, mumangomva kusokosera kwa makina ndi mapazi.

Milandu yakupha inali yosavuta kujambula m'mavuto amenewa, n'chifukwa chake inachuluka m'zaka zimenezo. Nkhani yotere imafuna chipinda, tebulo, anthu okayikiridwa ndi munthu mmodzi wofunsa. Powell zinamuyendera. M'mafilimu opanda mawu ankapatsidwa kwambiri mbali za anthu oipa chifukwa cha nkhope yake, koma anali ataphunzira pa siteji, ndipo anthu atamva mawu ake osalala mu Interference, filimu yoyamba yoyankhula ya Paramount mu 1928, anayamba kumuona mwina.

Ndi zoona kuti mawu a Canary si a Louise Brooks?

Ndi zoona, ndipo iyi ndiyo nkhani imene yasunga dzina la filimuyi mpaka lero.

Brooks anamaliza mbali yake filimuyi ili yopanda mawu. Kontilakiti yake itafika pokambirananso, bwana wa situdiyo B. P. Schulberg anamuuza kuti malipiro sakwera, akhalabe madola 750 pa sabata, ngati sakufuna khomo ndi ilo. Makampani panthawiyo ankagwiritsa ntchito mantha a mawu pofinya osewera, poti palibe ankadziwa kuti ndani amveka bwino pa maikolofoni. Ambiri ankagonja. Brooks anangonyamuka, ulendo wa ku Berlin, kumene wotsogolera mafilimu G. W. Pabst ankamufuna pa filimu ya Pandora's Box.

Atabwerako kumapeto kwa 1928, anapeza kuti Paramount yaganiza zosandutsa Canary kukhala filimu yoyankhula. Anamuitana kuti apite ku Hollywood akajambulitse mawu. Anakana. Anamulonjeza madola 10,000, anakanabe. Ndiye anatenga Margaret Livingston, amene okonda mafilimu akale amamudziwa ngati mkazi wa m'tauni mu Sunrise ya 1927, kuti ayankhule m'malo mwake, ndipo pena kuti aime m'malo mwake atavala tsitsi lodulidwa ngati la Brooks.

Mukadziwa zimenezi, mphindi zoyambirira zimasanduka masewera ena. Yang'anani nthawi imene Canary akuyankhula pa foni kapena akukangana ndi a Spotswoode. Mawu akangoyamba, kamera imathawa pankhope pake: mukuona msana, mukuona chogwirira foni chatchinga pakamwa, mukuona nkhope ya womvetsera, kapena Canary ali patali moti milomo sikuoneka. Pamene nkhope yaonekera, milomo ndi mawu sizikumana bwino. Mawuwo ndi a m'mphuno, okalipa, a mkazi wa m'misewu ya New York, pamene nkhope ili phee, yozizira, ngati ya munthu amene sakwezapo mawu. Nditaionera koyamba ndinkaganiza kuti kope langa ndi lowonongeka, ndinabweza kangapo ndisanadziwe kuti vuto ndi la mu 1929.

Anakaniranji ndalama zochuluka chotero?

Anali munthu wosafuna kuuzidwa zochita, ndipo sankaona Hollywood ngati kanthu. Anali atanyozedwa pa nkhani ya malipiro, tsopano omunyozawo ndi amene ankamupempha. Kukana kunamukomera tsiku limenelo.

Mtengo wake unali wowawa. Mbiri inafala yoti mawu ake samveka bwino pa makina, ndipo makampani aakulu anamutsekera zitseko. Kuti mbiriyo inali yabodza aliyense akhoza kudzimvera yekha m'mafilimu ochepa oyankhula amene anadzasewera pambuyo pake, mawu ake ndi abwinobwino. Anapanga mafilimu ena awiri ku Ulaya, kenako n'kumangopatsidwa timbali ting'onoting'ono ku America. Yomaliza inali ya anyamata a pa akavalo mu 1938, pamodzi ndi John Wayne, ali ndi zaka 31 zokha. Anadzatchukanso atakalamba, anthu ataonanso mafilimu ake a ku Germany, ndipo analemba buku la zimene anaona, Lulu in Hollywood, mu 1982. Anamwalira mu 1985 ku Rochester, New York.

Ena amati anali wolimba mtima, ena amati anadziwotchera yekha nyumba. Ine ndimaona zonse ziwiri, koma sindiiwala kuti amene anayamba kuswa ulemu ndi kampani.

Kodi kubwereka mawu kotere kunali kwachilendo?

Kunkachitika ndithu. Mu 1929 momwemo ku England, Alfred Hitchcock anasandutsa filimu yake ya Blackmail kukhala yoyankhula, koma Anny Ondra, amene ankasewera mbali yaikulu, ankayankhula Chingelezi chomveka kuti ndi wa ku Czechoslovakia. Joan Barry ankaima pambali pa kamera ndi maikolofoni n'kumayankhula, Ondra akungogwedeza milomo nthawi yomweyo. Kumeneko mwini nkhope analipo ndipo ankathandiza. Ku Paramount mwini nkhope kunalibe, ankangosoka ndi zimene anasiya.

Amene tinakulira m'mavidiyo sho, momwe munthu mmodzi amayankhulira Chichewa m'malo mwa msilikali, mkazi wake ndi chigawenga chomwe, sitidabwa kuona nkhope ya wina ndi mawu a wina. Kusiyana kwake n'koti ife timadziwa ndipo timaseka nawo. Oonera a mu 1929 sanauzidwe, dzina la Livingston silinalembedwe pa filimupo.

Zoti munthu angagwire wakupha potchova njuga ya makadi, n'zomveka?

Ku khoti sizingapite patali, koma ndi mbali imene ndimaikonda kuposa zonse. Okayikiridwa onse aitanidwa, afunsidwa, ndipo Vance akupempha Markham kuti awasunge kwa maola angapo. Podikirapo akuwakokera mochenjera ku masewera a poker, iwo akuona ngati akungotaya nthawi. Vance sakufuna ndalama zawo. Akuyang'ana amene amabetcha mwamantha, amene amapsa mtima akaluza, amene amadikira mpaka atatsimikiza kuti makadi ake ndi abwino. Kwa iye kupha kwa Canary kunafuna munthu woganiza patali, wodziletsa, wotha kuika moyo wake wonse pa bodza limodzi nkhope ili gwa. Patebulopo mmodzi yekha akuchita zimenezo: akuponya zonse ali ndi makadi ofooka, ma 2 awiri okha, m'manja, Vance n'kugonja.

Mbali imeneyi ikugwirizana ndi kamera yosayenda ija. Anthu akhala pansi, sakuyenera kusuntha, mawu ndi ochepa, ndipo bata limene kwina likutopetsa pano likuthandiza.

Kodi nkhaniyi inachitikadi?

Nkhaniyo ndi yopeka, koma Van Dine anatengera mlandu weniweni. Mu March 1923, mtsikana wina wodziwika m'malo achisangalalo a ku Broadway, Dot King, anapezeka atafa m'nyumba yake ku New York, pafupi pali botolo la mankhwala ogonetsa a chloroform. Manyuzipepala anadya nayo nkhaniyo kwa milungu, makamaka zitadziwika kuti panali bambo wina wolemera, wapabanja, amene ankamuyendera pogwiritsa ntchito dzina labodza. Palibe anapezeka wolakwa pa imfayo. Owerenga a mu 1927 ankaikumbukira bwino, ndipo bukulo linawapatsa chimene apolisi analephera kuwapatsa, dzina la wakupha.

Nanga mnyamata wachibwibwi uja, bwanji akumuseweretsa chotero?

Funso ili ndi loyenera. Mboni yofunika kwambiri pa mlanduwu ndi wantchito wakuda wa panyumbapo, amene anasewera ndi Oscar Smith. Filimuyi ikumusandutsa choseketsa: wamantha, wachibwibwi, maso ali tong'o pamaso pa apolisi. Umu ndi mmene Hollywood ya nthawiyo inkaonetsera anthu akuda pafupifupi nthawi zonse, ngati antchito oti azungu aziwaseka. Smith mwiniwakeyo ankapukuta nsapato pa situdiyo ya Paramount, n'kumapatsidwa timbali totere. Palibe chifukwa chozibisira kapena kuzipaka mafuta. Chimene chimandikhudza n'choti mlandu wonse waima pa zimene munthu ameneyu anamva ndi makutu ake, ndipo sananame ngakhale pamodzi.

Ndiyambe ndi imeneyi, kapena pali ina yabwino kuposa iyi?

Ngati mukufuna filimu ya Vance yoyenda bwino, yambani ndi The Kennel Murder Case ya 1933, imene anatsogolera Michael Curtiz ku Warner Bros. Powell ndi yemweyo, koma pofika chaka chimenecho kamera inali itatuluka m'bokosi muja, ndipo kusiyana kwa zaka zinayi zokhazo n'kodabwitsa. Pakati pake Powell anaseweranso Vance mu The Greene Murder Case ya 1929 ndi The Benson Murder Case ya 1930. Mu 1934 anadzakhala wofufuza wina, wanthabwala ndi womwa, mu The Thin Man, imene inamukweza kwambiri.

Canary ndi ya munthu wofuna kuona msoko, pamene zakale zikulumikizana ndi zatsopano ulusi uli poyera. Kuyambira pa 1 January 2025, mafilimu a 1929 alibenso mwini mwa lamulo ku America, choncho imapezeka mosavuta pa intaneti. Makope ena ndi akuda ndiponso osokosera, ndiye sakani loyera, ndipo valani mahedifoni chifukwa mawu ake ndi otsika.

Tsono wakupha ndani, ndipo anachita bwanji? (Amene simunaonere, imani pano.)

Ndi a Charles Spotswoode, bambo ake a Jimmy, mnzake wa Vance yemwe. Ndiwo anabetcha zonse ndi ma 2 awiri aja.

Anapha Canary asanatuluke m'chipindamo. Anali atakonzeratu chimbale cha galamafoni chokhala ndi mkuwo wa mkazi ndi mawu oyankha kuti zonse zili bwino, ndipo Vance akuganiza kuti anajambula okha, akuyerekeza mawu achikazi. Anachiika pa galamafoni, n'kutsika kukaima ndi wantchito uja. Mkuwo utamveka, iwo anali ndi mboni yoti ali kunja, ndipo atagogoda pakhomo chimbale chinayankha pa nthawi yake. Aliyense anakhulupirira kuti mkaziyo anali moyo iwo atachoka.

Chimene sanadziwe n'choti Tony Skeel anali atabisala mu kabati ya zovala ndipo anaona zonse. Skeel, m'malo mopita kupolisi, anaona mpata wa ndalama, anayamba kuwaopseza, nayenso anakanyangidwa. Pamalopo panapezeka cholembera cha dzina la Jimmy, Heath n'kumumanga, ndipo mnyamatayo anavomera milandu yonse iwiri pofuna kuteteza bambo ake. Vance anaimbira foni a Spotswoode kuwauza kuti mwana wawo ali m'manja mwa apolisi. Ananyamuka pa galimoto mwaliwiro kuti akaulule, koma anafera pa ngozi pomwe msewu umadutsa njanji. Wolakwa wafa osaulula, wosalakwa wavomera, ndipo poker si umboni. Chinatsala n'kubwerera m'chipinda cha Canary, kumene Vance anapeza chimbale chija n'kuchiliza pamaso pa Markham ndi Heath. Jimmy anamasulidwa.

Pali pokayikitsa, inde. Bambo wachikulire kuyerekeza mawu a mtsikana wovina mpaka kupusitsa munthu amene amamva mawuwo tsiku ndi tsiku, ndiponso apolisi kusanthula chipinda chonse osaganizako za galamafoni, zimafuna kuti woonera akhale wachifundo. Koma wantchito uja tisamuseke msanga. Iye anamva mawu kuseri kwa chitseko kwa kamphindi n'kukhulupirira kuti ndi a Canary. Anthu amene analipira pakhomo mu 1929 anamva mawu a Margaret Livingston kuyambira pa foni yoyamba ija, akuyang'ana nkhope ya Louise Brooks, ndipo kwa iwo panalibe n'chitseko chomwe.